TIKAMBIRANE: Loch Lomond si Senga Bay

Masiku ayamba kutalika, dzuwa likumalowa ana atagona kale, ndipo tikudziwa kuti m'makomo ambiri funso layamba kumveka loti kodi Loweruka likubwerali tikaotchere kuti nyama. Yankho lake kawirikawiri limakhala limodzi, ku Loch Lomond. Nchifukwa chake mwezi uno taganiza zoika kaye pambali nkhani za mapepala ndi za ntchito kuti tikambirane za madzi ndi mabwato.

Sizodabwitsa kuti malowa timawakonda. Sitima ya pamtunda yochokera ku Glasgow Queen Street imakafika ku Balloch ola limodzi lisanakwane, ndipo munthu ukangotsika n'kuyenda pang'ono umaona madzi ali mbee, mapiri atawazungulira, zilumba zili apo ndi apo. Wa ku Nkhata Bay amakumbuka kwawo, wa ku Mangochi chimodzimodzi. Ngakhale wa ku Dedza amene nyanja anaionapo kamodzi kokha pa ulendo wa sukulu amayamba kulankhula ngati msodzi. Chibalecho chilipodi, ndipo si cha maonekedwe okha. Sitima ya Ilala, imene ambiri a ife tinakwerapo popita ku Likoma kapena ku Chilumba, inapangidwa konkuno pa mtsinje wa Clyde ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun mu 1949. Anaiphwasula, n'kuitumiza zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Chauncy Maples nayo ndi ya ku Glasgow. Tsono mukafika ku Balloch mudzapeza sitima ina yotchedwa Maid of the Loch, ya mu 1953, imene nayonso anaipanga ku Glasgow, kuiphwasula, kuinyamula pa njanji ndi kukailumikizanso m'mbali mwa madzi. Inaleka kunyamula anthu mu 1981 ndipo anthu odzipereka akhala akuikonza kwa zaka zambiri. Tinganene kuti ndi mng'ono wake wa Ilala amene sanapite kunja.

Koma chibale chimathera pomwepo. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700. Loch Lomond ndi yaitali makilomita 36 okha, ndipo pozama kwambiri ndi mamita pafupifupi 190. Poyerekeza ndi yathu ija, kameneka ndi kathamanda. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa munthu amene anakulira pa nyanja yaikulu amakaderera kakang'onoka.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kuzizira. Madzi a pamwamba pa nyanja ya kwathu amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse, ndipo ngakhale pansi penipeni satsika kwambiri kupitirira 22. Mwana amatha kusewera m'madzi kuyambira m'mawa mpaka amayi ake kumuitana ndi chikwapu. Kuno zinthu sizili choncho. Dzuwa la Juni ndi Julayi limatenthetsa madzi a pamwamba okha, ndipo popeza madzi ofunda ndi opepuka, amangoyandama pamwamba pa ozizirawo osasakanikirana nawo. Mukaponda m'mphepete, madzi akulekeza m'mawondo, mumamva kufunda bwinobwino n'kumati lero ndiye lero. Mukangosuntha pang'ono n'kufika pakuya, thupi limakumana ndi madzi onga otuluka m'firiji.

Chimene chimachitika pamenepo sichiona kuti uyu amadziwa kusambira kapena ayi. Akatswiri a bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la RNLI amati madzi osafika madigiri 15 ndi okwanira kudzidzimutsa thupi. Munthu amangopezeka wakoka mpweya mwadzidzidzi asakufuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi nthawi imeneyo, amakoka madziwo. Kenako amapuma mwawefuwefu, mtima n'kumagunda mothamanga, ndipo amayamba kuphiriphitha. Kudzidzimukaku kumatha pakapita mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka. Amene wapirira mphindi imeneyi amatsala ndi vuto lachiwiri, loti manja ndi miyendo zimayamba kuuma pang'onopang'ono, moti pakapita mphindi zingapo sangathenso kugwira chingwe chimene am'ponyera. Malangizo awo ndi osavuta kuwakumbukira koma ndi otsutsana ndi zimene mtima umafuna. Ukagwera m'madzi ozizira usayambe ndi kusambira. Gona chagada, makutu alowe m'madzi, tambasula manja ndi miyendo, uyembekeze mpweya ubwerere m'malo mwake. Ukatero ndi pamene ungaganize zoitana anthu kapena zosambira kupita kumtunda. Izi tikupempha kuti muwafotokozere ana anu m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, ndipo akayesere kugona chagadako ku dziwe losambirira la khonsolo, kumene kuli owayang'anira.

Mu Julayi 2021, kutatentha kwambiri, anthu anayi anamira mu Loch Lomond mkati mwa masiku awiri okha. Mmodzi anali mnyamata wa zaka 16 ku Balloch. Atatu enawo, kuphatikizapo mwana wa zaka 9, anamira kumpoto pafupi ndi Ardlui. Sanali anthu ochita masewera oopsa ayi. Anali anthu okacheza kunja kutacha bwino, monga momwe ife timachitira. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kapangidwe ka nyanjayi nako kamanyenga. Chigwa chake chinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale. Kumwera, cha ku Balloch ndi Balmaha, ndi yotambasuka, yosazama kwambiri ndiponso ya zilumba zambiri. Kumpoto, kupitirira Luss ndi Tarbet, imapanikizika pakati pa mapiri ndipo imazama ngati chitsime. Mukakwera kaphiri ka Conic Hill ku Balmaha mudzaona zilumba za Inchcailloch, Torrinch, Creinch ndi Inchmurrin zitandandalika mu mzere umodzi. Mzere umenewo ndi mng'alu wa pansi pa nthaka umene umalekanitsa dziko la mapiri ndi la chidikha. Koma kaya kumwera kaya kumpoto, malo ambiri pansi pake sipatsetsereka pang'onopang'ono monga mchenga wa ku Senga Bay. Mumayenda mapazi angapo madzi ali m'chiuno, kenako phazi lotsatira silipezanso poponda. Madzi ake ndi oderako, choncho phompholo silioneka.

Tsono za mphepo. Kwathu mwera timaudziwa nyengo yake ndi kumene umachokera, ndipo asodzi amauwerenga pa mitambo ndi pa mafunde. Ngakhale zili choncho unamiza sitima ya Vipya mu Julayi 1946 ndi kupha anthu 145. Mphepo ya pa nyanja za m'mapiri ilibe ulemu woterowo wodziwitsiratu. Imagunda phiri, kukhota, kutsika ndi chigwa, n'kufika pamadzi mwa mafungamafunga, pena kuchokera uku pena uko. Ben Lomond ndi lalitali mamita 974 ndipo laima m'mbali mwenimweni mwa madzi. Chinanso, mphepo ya kuno imakonda kuchokera kumadzulo. Ndiye mukakhala ku gombe la kumadzulo, monga ku Luss kapena ku Duck Bay kumene ambiri a ife timakonda kuyala mphasa, mapiri ndi mitengo zimakutchingirani, madzi a pafupi n'kumaoneka ali zii. Mphepoyo ikudutsa pamwamba panu kulowera pakati pa nyanja. Mwana amene mwamukweza pa kabwato kopopa, kaja timagula m'masitolo a zakudya pamodzi ndi makala, amatengedwa pang'onopang'ono, ndipo pamene mukuzindikira amakhala ali patali poti simungamufikire. Timabwato timeneto ndi ta m'dziwe losambirira. Ku Loch Lomond musapite nato, ngakhale ana alire chotani.

Mwina wina wayamba kale kunena kuti basi, ife ndi madzi a eni tisiyane. Ife sitikugwirizana nazo. Ana athu akukulira kuno. Anzawo a kusukulu adzawaitana, ndipo tsiku lina adzapita kunyanjako ife tisakudziwa. Kuli bwino apite akudziwa chochita kusiyana ndi kupita mozemba ali mbuli. Komanso dziko lino lili ndi mwayi umene maiko ambiri alibe. Lamulo la Land Reform la mu 2003 limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda pa nthaka ndi pa madzi ambiri a mu Scotland, bola akuchita mosamala ndipo chimene wakwera chilibe injini. Silifunsa kuti munabadwira kuti. Wopalasa bwato, woyendetsa boti la thanga ndi wosambira onse ali ndi ufulu umenewu. Misonkho tikulipira nawo, nanga tilekerenji kudyerera nawo?

Njira yolowera ilipo, ndipo siyamba ndi kugula boti. Bungwe loona za masewera a maboti la RYA lili ndi maphunziro a oyamba kumene amene amatenga masiku awiri. Amakuphunzitsani kumanga thanga, kugwira chiwongolero, kudziwa kumene mphepo ikuchokera, ndiponso chinthu chimene chimadabwitsa aliyense poyamba, choti boti la thanga limatha kupita chakumene mphepo ikuchokera poyenda mokhotakhota. Pa maphunziro amenewa mumauzidwanso chochita boti likagubuduzika, aphunzitsi ali pomwepo ndi boti la injini. Boti, zovala zotchinga kuzizira ndi jekete loyandamitsa zimakhala za pasukulupo. Ana ali ndi maphunziro awoawo a magawo anayi, ndipo amayambira pa timaboti ting'onoting'ono totchedwa Optimist kapena Topper, timene mwana wa ku pulayimale amayendetsa yekha. Kuona kamwana ka zaka 10 kakulamulira thanga pakati pa madzi, nkhope ili gwa ngati kapitawo wa Ilala, ndi chinthu chokoma ndithu.

Malo ophunzirira ali pafupi kuposa momwe timaganizira. Kumpoto kwa Glasgow, kufupi ndi Milngavie, kuli kanyanja ka Bardowie Loch kumene kalabu ya Clyde Cruising Club imaphunzitsira maboti ang'onoang'ono. Cha kumwera chakumadzulo kuli Castle Semple Loch ku Lochwinnoch. Pa Loch Lomond penipeni pali Loch Lomond Sailing Club ku Milarrochy Bay, ndipo kufupi ndi Callander kuli ina pa Loch Venachar. Amene mumakhala kumpoto muli ndi Loch Morlich ndi Loch Insh, kufupi ndi Aviemore m'mapiri a Cairngorms. Makalabu ambiri amakhala ndi tsiku lolandira alendo kumayambiriro kwa chilimwe, pamene munthu amakwezedwa boti ulere kapena pa mtengo wochepa. Pali chinsinsi china chimene sitinachidziwe msanga ambirife. Eni maboti nthawi zambiri amasowa wowathandiza kukoka zingwe, moti munthu wosunga nthawi ndi wofuna kuphunzira amatha kuyenda pamadzi chilimwe chonse alibe boti lakelake. Tikudziwa kuti kulowa pakhomo la kalabu yotere, pamene nkhope yakuda ndi yanu yokha, kumafuna kulimba mtima. Pitani awiri kapena atatu. Safunsa anadya phula.

Ophunzira a m'mayunivesite, inu ndiye mulibe chowiringula. Mayunivesite akuluakulu a kuno ali ndi makalabu a maboti a thanga ndi a kupalasa, ndipo mtengo wake kwa wophunzira ndi wotsika kusiyana ndi umene mudzalipire mukadzayamba ntchito. A ku University of Edinburgh muli ndi malo anuanu otchedwa Firbush m'mbali mwa Loch Tay. Ambiri mumabwera chaka chimodzi cha digiri yachiwiri, n'kubwerera kumudzi mutaona laibulale, chipinda chanu ndi malo ogwirira ganyu basi. Chikhalirecho kwathu kuli nyanja yaikulu imene mpikisano wake wa maboti a thanga, uja wa makilomita oposa 500, kwa zaka zambiri wakhala ukudzaza ndi alendo ochokera kunja. Luso limeneli mutapita nalo kwanu silingaole.

Za majekete oyandamitsa tifotokoze bwino, chifukwa alipo a mitundu iwiri ndipo m'sitolo amaoneka ofanana. Loyamba ndi lopepuka, lolembedwa 50N. Limangothandiza munthu wodziwa kale kusambira, amene ali pafupi ndi thandizo. Lachiwiri, lolembedwa 100N kapena 150N, lili ndi kolala yochirikiza mutu ndipo linapangidwa kuti lithandize kutembenuza munthu nkhope iyang'ane kumwamba. Mwana ndi wamkulu wosadziwa kusambira afunika lachiwirili. Jekete likhale la msinkhu wake, ndipo lamba wodutsa pakati pa miyendo amangidwe, apo ayi jeketelo limakwera kumutu mwana n'kupulumukira pansi. Pano chizolowezi chathu chogulira mwana chovala chachikulu kuti akule nacho chisagwire ntchito.

Malamulonso alipo. Loch Lomond ili m'manja mwa akuluakulu a paki ya Loch Lomond and The Trossachs, imene inakhazikitsidwa mu 2002, ndipo kuyambira pa 1 Novembala 2024 malamulo a pa nyanjayi anawakhwimitsa. Mwana aliyense wosakwana zaka 16 ayenera kuvala jekete loyandamitsa akakhala pa bwato kapena boti limene likuyenda. Boti lililonse la injini liyenera kulembetsedwa, ndipo woliyendetsa nayenso ayenera kulembetsa. Ofesi yake ili pa Duncan Mills Memorial Slipway ku Balloch. M'malo modzaza anthu monga Luss, Duck Bay ndi Milarrochy Bay anaikamo zigawo zimene boti siliyenera kupitirira makilomita 6 pa ola. Achimwene amene mukulota zogula njinga yamoto ya pamadzi ija mukalandira ya ovataimu, yambani mwawerenga zimenezi. Kuphwanya malamulowa ndi mlandu, ndipo tonse tikudziwa kuti mlandu, ngakhale waung'ono, si chinthu chabwino kukhala nacho pamene mapepala ali ku Home Office.

Tsiku la ulendo, onani za nyengo kwa a Met Office, ndipo muyang'ane mphamvu ya mphepo ndi kumene ikuchokera, osangoti kodi kugwa mvula. Uzani munthu wotsala kumtunda kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, pa thupi panu osati m'chikwama, ngakhale kuti cha kumpoto netiweki imavuta. Pa gulu pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, osaotcha nyama, osajambula zithunzi, ndipo muzisinthana. Tikakhala ambiri aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akuona ana, mapeto ake palibe akuwaona. Ndipo wolawako chakumwa, ngakhale botolo limodzi, tsiku limenelo madzi awaonere patali.

Wina akagwera m'madzi, mtima wa kholo umati dumphira. Imeneyi ndiyo njira imene ngozi ya munthu mmodzi imasandukira maliro a anthu awiri kapena atatu, chifukwa wodumphirayo amakumana ndi kuzizira komwe kuja. Imbani 999 nthawi yomweyo ndi kunena malo enieni amene muli. Mufuulireni kuti agone chagada. Muponyereni choyandama chilichonse, kaya ndi chingwe chopulumutsira chimene chimapachikidwa m'magombe ambiri, kaya mpira, kaya chigubu chopanda kanthu. Chitenje chomangidwa ndi chinzake chimafika patali, ndipo pa gulu lathu zitenje sizisowa. Pa nyanjayi pali boti lopulumutsa anthu la Loch Lomond Rescue Boat, limene linayamba mu 1977. Amaliyendetsa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro, ndipo limadalira zopereka. Pamene tikusonkha za maliro ndi za zikwati, sikungakhale kulakwa bungwe lathu litaganizirako anthu amenewa chaka china.

Pali mbali imodzi imene kuno kuli kofewa, tisaiwale kuyamika. Mulibe ng'ona, mulibe mvuu, mulibe likodzo. Chimene chingakuvuteni ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo kukakhala bata, ndi nkhupakupa za m'maudzu zimene zimatha kupatsa matenda, choncho muwayang'ane ana m'thupi mukafika kunyumba.

Tili ndi pempho kwa abale ochokera ku Likoma, Chizumulu, Nkhotakota, Usisya ndi Karonga amene munagwira nkhafi musanagwire pensulo. Zimene mukudziwa, zowerenga mafunde ndi kukhazikika pa bwato la mtengo umodzi, eni dziko amalipira ndalama kuti aziphunzire. Chimene mukusowa ndi kuzolowera madzi ozizira ndi kapepala ka maphunziro a kuno, kaya ka RYA kaya ka Paddle Scotland. Atapezeka awiri kapena atatu mwa inu otenga mapepala amenewa, ana athu angakhale ndi owaphunzitsa amene angawakalipire m'chinenero chimene amachimva bwino. Amene muli ndi chidwi muonane ndi a komiti pa msonkhano ukubwerawu.

Kwa agogo amene abwera kudzaona zidzukulu, ndi ena onse amene mukufuna kuona madzi popanda kunyowa, maboti onyamula alendo amanyamuka ku Balloch, Luss ndi Tarbet m'miyezi ya chilimwe, ndipo ku Balmaha kuli kaboti kowolotsa anthu kupita pa chilumba cha Inchcailloch. Mukafuna kupitirirako pang'ono, pa Loch Katrine pali sitima yakale ya Sir Walter Scott imene inayamba kuyenda mu 1900. Madzi a nyanja imeneyo ndi amene akhala akumwedwa mu Glasgow kuyambira 1859, moti ambiri a inu mwaphikira kale nsima. Agogowo muwatengere juzi ndi mpango wa kumutu ngakhale kunja kutacha bwanji, chifukwa pakati pa madzi pamazizira kuposa pa gombe.